Pakamwa Pawiri

Bambo anagwa m'munda wa tiyi mu Ogasiti,
mbali yakumanja n'kungoti zii.
Kabawi anafika mu Seputembala.
Anakodwa mu ukonde wa Rifat pamwamba pa phiri,
ndipo Rifat, posowa chonena kwa wodwala,
anangobwera naye atamukulunga m'kampango.
Kuno ku Arhavi mlenje sazonda mnzake chimanjamanja.

Ndiye ndatsala ndi pakamwa pawiri.
Wina ndimamunyengerera: Bambo, kasupuni kamodzi kokha.
Wina ndimamumana dala.

Usiku woyamba, wachiwiri, wachitatu,
ndinakhala naye pankhonya m'khitchini, nyali ndikuichepetsa,
iye kulumpha, kulendewera pachingwe mutu pansi,
ine kumubwezera, iye kulumphanso.
Diso lake lachikasu silinkaphethira. Langa linkalasa.
Tinkadikirana kuti ayambe kusinza ndani.
Mbandakucha wachinayi, kumzikiti akuitana,
anaweramira kachidutswa ka mtima wa nkhuku pazala zanga
n'kukatsomphola ngati ndinamubera.

Bambo sathanso kutchula dzina langa, Nuray,
koma dzanja lawo lamanzere silinaiwale ntchito.
Amagwira chala changa chachikulu,
kuchilowetsa mu nthenga za pachidale,
kuchiyendetsa pa fupa lija.
Likabisala mumnofu amapukusa mutu:
wakhuta uyu, akauluka sadzakucheukira.
Likathwa ngati lumo amapukusanso:
umupha, mwana iwe.
Pakati pa ziwirizi pali kampata kochepa ngati ulusi,
ndipo sikelo ya kusitolo sikadziwa.

M'mawa ndimasuzumira pansi pa mtanda wake
ngati wasanza kampira ka nthenga ndi tizifupa.
Kasanatuluke, palibe kudya.
Masana, theka la dzira lowiritsa, lopanda mchere.
Madzulo ndimapita naye kutiyirumu ya kumsika
kuti azolowere utsi wa fodya, kuseka, malole a tiyi.
Tsiku loyamba amuna anaika makadi pansi.
Wina anati, kodi Hilmi anasowa mwana wamwamuna?
Kabawi anangodzikung'untha nthenga,
kabelu ka kumchira n'kuti ngili,
ndipo sindinaone chifukwa chowonjezerapo.

Kenako chingwe chachitali kuseri kwa sukulu.
Mapazi atatu. Khumi. Tsiku lina makumi anayi.
Ndikaimba mluzu amabwera chokwawa ndi udzu,
n'kudzuka pomaliza, n'kumenya nkhonya yanga, phaa.
Sikuti amandikonda, ndikudziwa.
Ndi njala yake imene yaphunzira nkhope yanga.

Mvula ya usiku inagwetsa zinziri
zotopa ndi kuwoloka Nyanja Yakuda.
Ndinalowa m'mapesi onyowa, iye ali m'chikhatho,
mtima wake ukugunda pazala zanga ngati wotchi yaing'ono.
Imodzi inabuka pafupi ndi phazi, phururu,
ndinamuponya monga bambo ankaponyera,
ndipo ndisanatseke pakamwa
kabelu kanali kakulira pansi, m'zitsamba.
Mutu ndi mtima n'zake, zikadali zofunda.
Chotsalacho ndinaphika msuzi.
Bambo anamwa masupuni asanu ndi awiri.
Ndinawerenga.

Tsopano ndi Novembala, zinziri zinapita.
Sabata yathunthu ndamupatsa mosayeza,
chithokomiro chili tuu, fupa lija labisala.
Ndikaimba mluzu amayang'ana kuphiri.
Dzulo ndinaika chala changa m'dzanja la bambo,
tinapapasa pachidale paja tonse awiri,
ndipo kwa nthawi yoyamba anagwedeza mutu.

Mawa ndidula zingwe, ndimasula kabelu.
Ndidzakankhira mpando wawo pafupi ndi zenera
kuti aone kumene walowera.
Dzira ndawiritsa kale, mwachizolowezi.
Theka linalo mwina adya ndi bambo.